Mng'alu Umayambira Pansi: Maziko a Khonde, Chipinda Chowonjezera ndi Galaja

 Ena a inu mwachokera kuno ku Kitwe, ku Chimwemwe, Wusakile, Ndeke ndi Chamboli. Ena mwalawirira basi kuchokera ku Ndola, ku Chifubu, Masala ndi Lubuto.  Lero tikambirana za maziko, makamaka maziko a zinthu zimene banja limawonjezera pa nyumba yakale: khonde, chipinda cha ana kapena cha lenti, ndi galaja.

Nkhaniyi ili ndi mbiri yake kuno ku Copperbelt. Mu 1996 boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa anthu amene ankakhalamo. Pasanapite nthawi, pamene migodi ya ZCCM inkagulitsidwa, nyumba za m'makomboni a migodi nazo zinapita m'manja mwa ogwira ntchito. Anthu amene dzulo anali alendi anadzuka ali eni nyumba. Koma nyumba zambiri zinali zazing'ono, ana anali atakula, ndipo ntchito za mumgodi zinali kutha. Banja lililonse linayamba kuona pomwe lingaike chipinda china: ichi cha anyamata, icho cha lenti, kutsogolo kantemba, pambali pogona galimoto. Mpaka lero ntchitoyi siinaime.

Yendani m'makomboniwa mwezi wa Okutobala, muyang'ane pamene khoma latsopano lakumana ndi lakale. Pa nyumba zambiri mupezapo mng'alu woyambira pansi mpaka kudenga, wopyapyala kumunsi, wotakasuka kumwamba moti chala chimalowa. Mwininyumba amaumata ndi simenti, n'kupakapo penti. Mvula ikagwa mng'aluwo umatsekeka, koma chitseko cha chipindacho chimayamba kukana kutseka. Chilimwe chikafika watsegukanso. Amene amapatsidwa mlandu ndi mabuloko, kapena wopaka pulasitala. Koma mlandu weniweni uli pansi, pamene palibe akuyang'ana.

Nkhaniyi ili ndi mfundo zisanu. Yoyamba, phunziro lochokera kumayiko ozizira. Yachiwiri, dothi lathu. Yachitatu, kukumba ndi kulumikiza chatsopano ku chakale. Yachinayi, konkire. Yachisanu, madzi ozungulira nyumba ndi lamulo.

Mfundo yoyamba: zimene anthu a kumayiko ozizira anaphunzira.

Ku Canada, ku Norway ndi kumpoto kwa United States, dothi limaundana m'nyengo yachisanu. Madzi akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse. Choopsa kwambiri n'chakuti madzi oundanawo amakoka madzi ena kuchokera pansi, n'kupanga timiyala ta ayezi timene timakulirakulira m'kati mwa dothi ndi kunyamula chilichonse chili pamwamba. Kukafunda ayeziyo amasungunuka, dothi n'kutsika, koma silitsika mofanana. N'chifukwa chake malamulo a zomangamanga a dera la Minnesota amafuna kuti maziko atsike mainchesi 42 kumwera kwa deralo ndi mainchesi 60 kumpoto, ndiko kuti kupitirira mita imodzi, mpaka mita imodzi ndi theka. Ngakhale nsanamira ya khonde lamatabwa amaikumbira dzenje lakuya chomwecho, kuti phazi lake likakhale pamene chisanu sichifika. Ku Norway, Sweden ndi Finland anapezanso njira ina: amakumba pang'ono, koma n'kuyala zotchinga kuzizira kuzungulira maziko kuti dothi la pansi pake lisaundane.

Pali chinthu chimodzi chimene amisiri a kumeneko amachidziwa bwino, ndipo chikutikhudza ife. Chimene chimayamba kusuntha ndi khonde ndi galaja, nyumba yaikulu ili chiimire. Nyumba ndi yolemera, ndi yofunda, ndipo maziko ake anakumbidwa mosamala. Khonde ndi lopepuka, ndipo mwiniwake amaliyesa kantchito ka Loweruka. Zotsatira zake, ziwirizi zimayenda mosiyana n'kung'ambana.

Kuno Juni ndi Julayi kumazizira ndithu, koma dothi lathu siliundana. Munthu wa ku Kansenshi kapena ku Riverside amene wawerenga pa intaneti za kuya kwa chisanu asavutike nazo. Atengepo nzeru yake yokha: chimene chimasuntha maziko ndi madzi a m'dothi, ndipo maziko ayenera kutsika mpaka pa dothi limene silisintha ndi nyengo. Kwa iwo madziwo amaundana. Kwa ife amabwera ochuluka kuyambira Novembala mpaka Epulo, mamilimita oposa 1,200 pachaka, kenaka n'kusowa kwa miyezi yonse yotsalayo. Mdani ndi yemweyo, madzi.

Mfundo yachiwiri: dziwani dothi la pa puloti yanu. Apa tichedwapo, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera.

Malo okwera ambiri ku Kitwe ndi ku Ndola ali ndi dothi lofiira, katondo, ndipo pansi pake nthawi zina pamakhala dothi lolimba la timiyala limene omanga misewu amalitcha laterite. Limeneli ndi bwenzi la womanga. Piki imalira ikaligunda, ndipo silifufuma kwenikweni likanyowa. Komabe katondo wina ndi wa timabowo tambiri m'kati: akauma amalimba zedi, koma akakhuta madzi ali ndi katundu pamwamba amatha kutitimira. Ndiye kulimba kwa mwezi wa Seputembala kusakunamizeni.

Kenaka pali dambo. Mizinda iwiriyi yakula mpaka yalowa m'madambo amene makolo ankangolimamo ndiwo, m'mbali mwa Kafubu ku Ndola ndi m'timitsinje totsikira ku Kafue kuno ku Kitwe. Dothi la kumeneko ndi lakuda kapena lotuwa, lomata, ngati makande amene ambiri a inu munawasiya kumudzi ku Chipata, ku Katete kapena ku Malawi. Mukaviika nyemba zouma mumphika madzulo, m'mawa mumapeza zadzaza mphika. Makande amatero. Dzinja amafufuma n'kukankha maziko m'mwamba, chilimwe amanyala n'kung'aluka, maziko n'kutsala opanda chowagwira m'mphepete. Uja mng'alu wotseguka Okutobala n'kutsekeka Januwale, nthawi zambiri kwawo ndi kuno. Kuliyesa dothili n'kosavuta. Tapani pang'ono kuchokera pansi pa dzenje, linyowetseni, mulipote m'manja. Likapanga kachingwe katali kosaduka, konyezimira mukakasisita ndi chala, dziwani kuti muli pa dongo, ndipo maziko wamba opanda zitsulo sakukwanirani.

Chachitatu ndi chulu. Aliyense amene anayendapo pamsewu wa Kitwe ndi Ndola amadziwa zulu za kuno, zina zazitali kuposa nyumba. Ambiri amagumula chulu, n'kuumba njerwa ndi dothi lakelo, kenaka n'kumanga pamalo pomwepo poti pasalala. Koma pansi pa chulu pali mapanga ndi njira za chiswe zotsika kutali. Pamafunika kukumba mpaka mapangawo atha, kuthira mankhwala a chiswe, ndi kukwirira motsendera.

Chachinayi n'chimene chimapezeka pafupifupi pa puloti iliyonse yakale: dzenje lokwiriridwa. Kuseri kwa nyumba, pamene lero mukufuna kuikapo chipinda, mwina ndi pamene panali dzenje la zinyalala, chimbudzi chokumba, kapena chitsime. Dothi lobwezeredwa silibwerera msanga pa kulimba kwake kwakale. Mukamakumba n'kuona phulusa, mabotolo, mapepala apulasitiki kapena dothi losakanikirana mitundu, imani kaye. Funsani agogo a nyumba yoyandikana nayo amene anakhalapo kuyambira nthawi ya migodi. Safunsa anadya phula.

Anthu a ku Ndola ali ndi chinanso choganizira. Mbali ina ya mzindawu ndi madera ozungulira zili pa mwala wa laimu. Mwala womwewo ndi umene unabweretsa Ndola Lime, fakitale ya Chilanga Cement, ya Zambezi Portland, ndi ya Dangote ku Masaiti imene inatsegulidwa mu 2015. Koma laimu amasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi, n'kusiya mapanga pansi. Nyanja ya Chilengwa pafupi ndi Ndola ndi ya Kashiba ku Mpongwe zinabadwa choncho: denga la phanga linagwa, pansi n'kutseguka. Ku South Africa, pa mgodi wa West Driefontein, mu Disembala 1962 nthaka ya mtundu umenewu inameza nyumba ya makina ophwanyira miyala pamodzi ndi anthu 29, madzi a pansi atapopedwa kwambiri. Izi sizikutanthauza kuti nyumba iliyonse ya ku Ndola ili pangozi. Zikutanthauza kuti pa malo a laimu, paipi yodontha chaka chonse kapena dzenje la madzi oipa pafupi ndi khoma si nkhani yaing'ono, chifukwa madziwo amakokolola dothi kulilowetsa m'mapanga mwakachetechete. Mukaona pabwalo pakulowa ngati mbale, kapena pakubooka kadzenje kozungulira mvula itagwa, itanani injiniya musanaike buloko ngakhale imodzi.

Ndipo ku Kitwe, kumene mgodi wa Nkana wakhala ukukumbidwa kuyambira m'ma 1930, pali malo amene anatchingidwa chifukwa nthaka yake imatsika. Mpanda umenewo ulemekezedwe. Anthu a kuno sanaiwale za pa 25 Seputembala 1970 ku Mufulira, pamene nthaka inatitimira pansi pa matope otayidwa kumgodi, matopewo n'kukhuthukira m'kati ndi kupha anthu 89. Puloti yotchipa m'mphepete mwa malo oterowo kapena pafupi ndi damu la matope a mgodi siyenera kugulidwa, ngakhale wogulitsayo alankhule mokoma bwanji.

Mfundo yachitatu: kukumba ndi kulumikiza.

Dothi lapamwamba, lakuda la mizu ndi manyowa, lichotsedwe lonse pamalo pomangapo. Pa dothi labwino, khoma la mabuloko a mainchesi 8 la nyumba yosasanja nthawi zambiri limakhala pa konkire yotambalala masentimita 60 ndi yochindikala masentimita 20 kapena kuposerapo pang'ono, m'ngalande yakuya masentimita osachepera 60. Manambalawa ndi poyambira chabe. Woweruza ndi dothi. Ngati pa masentimita 60 chitsulo chikulowa mosavuta mukachikankha ndi manja, pitirizani kukumba. Bwerezani mumtima: maziko atsike mpaka pa dothi limene silisintha ndi nyengo. Pa makande pamafunika kutsika kwambiri, kuika zitsulo, kapena kuthira silabu imodzi yolimba yokhala ndi mphepete zochindikala, ndipo kusankha pakati pa njirazi ndi ntchito ya injiniya. Sitikusowa anthu oterowo. Copperbelt University ili pompano pa Riverside, koleji ya NORTEC ili ku Ndola, ndipo bungwe la Engineering Institution of Zambia limalembetsa mainjiniya ovomerezeka.

Pansi pa ngalande pakhale posalala ndi pa levulo. Pamalo otsetsereka kumbani masitepe, musatsetsereke nalo dothi. Mvula ikagwera m'ngalande usiku, matope onse achotsedwe musanathire konkire.

Tsopano polumikiza. Nyumba ya mgodi imene yakhala zaka 50 kapena 60 inamaliza kalekale kukhazikika. Chipinda chatsopano chidzatsika pang'ono m'zaka zake zoyamba, ngakhale chimangidwe bwino chotani. Mukazimangirira pamodzi molimba, polowetsa mabuloko atsopano m'khoma lakale, chimodzi chidzang'amba chinzake. Njira yabwino ndi kusiya mpata wa sentimita imodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba, kuikamo bolodi yofewa, ndi kutseka kunja kwake ndi phula lofewa losalowa madzi. Pamenepo mwaupatsa mng'alu njira yake yowongoka, ndipo sudzadzifunira yokha. Kumbaninso kadzenje pambali pa nyumba yakale muone pomwe maziko ake alekeza. Atsopano asakhale pamwamba pa akalewo. Koma musakumbe ngalande yaitali yotsika kupitirira maziko akale m'mbali mwa khoma, makamaka dzinja, chifukwa mudzachotsa dothi limene likugwira nyumbayo.

Khonde ndi shedi ya galimoto zili ndi vuto lawolawo. Denga lake ndi lopepuka, ndipo mphepo yotsogolera mvula yoyamba imalowa kunsi n'kulinyamula. Nsanamira iliyonse ikhale ndi phazi lake la konkire lolemera, lokwiriridwa bwino, ndipo chitsulo chimangiriridwe m'kati mwake. Kuimika paipi pa silabu yopyapyala n'kuizunguliza kasimenti n'kuitana tsoka. Pansi pa galaja napo pamanyamula galimoto tsiku ndi tsiku. Dothi lokwirira lithiridwe pang'onopang'ono, masentimita 15 nthawi imodzi, kulinyowetsa ndi kulitsendera musanathire lina. Pamwamba pake mankhwala a chiswe, pepala lapulasitiki lotchinga chinyezi, waya wa conforce, kenaka silabu ya masentimita 10.

Mfundo yachinayi: konkire.

Matumba awiri a simenti a makilogalamu 50 amadzaza wilibala imodzi ya omanga. Pa maziko opanda zitsulo, matumba awiriwo amafuna mawilibala atatu a mchenga ndi asanu ndi limodzi a miyala. Ndiyo ija amisiri amati 1:3:6. Pamene pali zitsulo, mawilibala awiri a mchenga ndi anayi a miyala, 1:2:4. Tiwerengere limodzi. Chipinda cha mamita 4 mbali zonse, chotsamira nyumba yakale, chili ndi makoma atatu atsopano, mamita 12 onse pamodzi. Konkire ya maziko ake, pa muyeso tanena uja, imadya matumba pafupifupi 7. Munthu amene akuchepetsa simenti pamenepa amapulumutsa matumba awiri kapena atatu, pa chipinda chimene malata ake okha ndi odula kuposa pamenepo kangapo. Matailosi mukhoza kugula chaka chamawa. Siling'i ikhoza kudikira. Maziko simudzawabwererenso. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Mchenga ukhale wa kumtsinje, woyera. Ikani pang'ono m'botolo, thirani madzi, khutchumulani, musiye. Matope akakhazikika pamwamba pa mchengawo n'kukhala ochindikala, mchengawo ndi wakuda ndipo ufooketsa konkire. Mchenga wosalala wa m'madamu a matope a mgodi usalowe m'maziko popanda kuyezedwa, ngakhale uli pafupi ndiponso waulere.

Tchimo lalikulu pa tsiku lothira konkire ndi madzi. Anyamata osakaniza akatopa amawonjeza ndowa ina kuti fosholo ipepuke, konkire n'kumayenderera yokha m'ngalande. Imaoneka bwino, koma madzi owonjezawo akauma amasiya timabowo, ndipo mphamvu imatsika kwambiri. Konkire yabwino imakhala mulu pa fosholo, ndipo imafuna kuitsendera ndi thabwa kapena chitsulo kuti mpweya utuluke. Zitsulo zisagone padothi. Zinyamulidwe ndi timabuloko ta simenti kuti konkire izikute masentimita osachepera 5, apo ayi dzimbiri lizidya.

Kumayiko ozizira amafunditsa konkire yatsopano kuti isaundane. Kuno timaifunditsa kuti isaume msanga. Konkire imalimba chifukwa simenti ikugwirana ndi madzi, ndipo dzuwa la Okutobala likawamwa madziwo tsiku loyamba, kulimbako kumaima panjira. Ithirireni madzi m'mawa ndi madzulo masiku 7, muiphimbe ndi matumba onyowa kapena pulasitiki. Mphamvu imene mainjiniya amawerengera imafika pa masiku 28. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mfundo yachisanu ndi yaifupi. Tanena kuti mdani ndi madzi, ndiye mukamaliza kumanga musamuitanire pakhomo. Dothi lozungulira nyumba litsetserekere kunja. Yalani konkire kapena njerwa mita imodzi kuzungulira khoma, madzi a padenga apite kutali. Dimba la maluwa lothiriridwa tsiku lililonse lisatsamire khoma. Mango, mapeyala ndi bulugama zibzalidwe patali, chifukwa mizu yake imayamwa madzi mbali imodzi ya nyumba, dothi n'kunyala mbali yomweyo. Musanakumbe, funsani a Nkana Water kapena a Kafubu Water pomwe mapaipi awo adutsa, popeza m'makomboni akale mapaipi a zimbudzi amadutsa kuseri kwa nyumba, pamalo pomwe anthu amakonda kuikapo chipinda.

Lamulo la Urban and Regional Planning Act la 2015 limafuna chilolezo cha khonsolo pa ntchito yomanga, ndipo kuwonjezera nyumba ndi kumanga komwe. Ambiri amaliona ngati chopinga chongochedwetsa. Koma pulani yovomerezeka imabweretsa woyendera wa khonsolo kudzaona ngalande isanathiridwe konkire, ndipo diso lachiwiri pa tsiku limenelo ndi lofunika kuposa pa tsiku lina lililonse la ntchitoyo. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa inu amene khoma lang'aluka kale, musathamangire kumata. Lembani mizere iwiri ya pensulo mbali zonse za mng'aluwo, yezani mpata wake, lembani deti pakhoma pomwepo, ndipo muziyeza mwezi uliwonse mpaka dzinja ndi chilimwe zidutse. Ukamangokula osabwerera, kapena khoma likayamba kupendekeka, chotsani ana m'chipindamo ndipo muitane injiniya sabata yomweyo.

Amisiri, mwininyumba akakuuzani kuti mukumbe pang'ono poti ndi khonde chabe, muuzeni zoona, ngakhale ntchitoyo ikuphonyeni. Ndipo inu eni nyumba, amayi ndi abambo, tsiku lothira konkire musatume mwana. Pemphani tchuthi kuntchito, tsikirani m'ngalandemo ndi tepi, gwirani dothi ndi manja anu, werengani matumba a simenti pamene akutsegulidwa, ndipo musachokepo mpaka wilibala yomaliza itathiridwa.